Zala za a Tiyu pa goli

Tayala la kumanja linali likuzungulirabe m'mwamba. Ngolo itagona chammbali, mchenga wonse uli mumsewu. Pereto, ng'ombe yakuda, ali pansi akupalasa matope ndi miyendo itatu. Bonito, mnzake, waima, goli lamupotola khosi, akunjenjemera. Lole ya asilikali ili uko, mphuno m'ngalande, injini ikulirabe.

Ine sindinavulale paliponse. Chingwe chinali chikadali m'manja. Ndinaitana, "A Tiyu!" Ndinazungulira ngolo. Ndinawapeza ali chagada, mwendo wamanzere uli pansi pa matabwa a ngolo kuyambira m'bondo kutsika. Sankalira. Mwendowo sankauyang'ana n'komwe. Maso awo anali pa nsapato za asilikali zimene zinkatsika m'lole.

Ndibwerere kaye m'mbuyo, ndinene mmene ndinafikira pa ngoloyo.

Dzina langa ndine Layisoni. Sukulu ndinalekera kupulayimale. Ntchito yeniyeni ndinali ndisanagwirepo, anali maganyu okhaokha, kulima, kuumba njerwa. Nditakwatira ndinakakhala kwawo kwa mkazi wanga, kufupi ndi Milonde. Mkaziyo atakhala ndi pakati, alamu anga anandiuza kuti a Tiyu akufuna munthu wa pangolo, msana wawo wayamba kukana fosholo.

A Tiyu anali mkulu wochokera kutsidya, ku Mozambiki. Anaoloka mtsinje wa Muloza nthawi ya nkhondo ya kwawoko ali mnyamata, nkhondo itatha sanabwerere. Tiyu akuti ndi malume m'Chipwitikizi. Aliyense ankawaitana choncho, ngakhale nkhalamba zinzawo. Ndinawapeza kukhola akuchotsa nkhupakupa m'makutu a ng'ombe.

"Umamwa?" anandifunsa osandiyang'ana.

"Loweruka lokha."

"Ng'ombe zimadya ndi Lamulungu lomwe. Umaziopa?"

"Ayi."

"Uziziopako pang'ono. Nyamula goli ilo."

Ntchito ndinaipeza choncho.

Tinkatenga mchenga kumtsinje kupititsa kwa omanga nyumba pa Milonde ndi midzi yozungulira. Nthawi zina njerwa, nthawi yokolola chimanga ndi nandolo. Anthu amaganiza kuti pangolo umangokhala n'kumakwapula. Si choncho.

M'mawa umayamba ndi kumanga ng'ombe. Pereto kumanja, Bonito kumanzere, osasinthanitsa. Ukasinthanitsa zimakankhana tsiku lonse. Umaika goli pakhosi, n'kulowetsa zikeyi, timitengo tija timatsika mbali iyi ndi iyo ya khosi. Kenako chingwe cha pansi pa khosi, chomangidwa moti dzanja lako lizilowa. Chikathina ng'ombe imabanika, chikakhwepa goli limaisupula. Mtengo wokokera ngolo umaumanga pakati penipeni pa goli ndi tcheni. Ukatero uone mpweya m'matayala, upake girizi mu ekiselo.

Kupakira nakonso kuli ndi njira yake. Mchenga wambiri uzikhala pamwamba pa ekiselo. Ukaunjika kutsogolo umapondereza makosi a ng'ombe. Ukaunjika kumbuyo mtengo wokokera umadzuka, chingwe n'kuzitsamwitsa. Mchenga wonyowa umanyenga maso, umaoneka wochepa koma kulemera kwake n'kwina.

Ngolo ilibe mabuleki. Buleki yathu inali mwala umodzi wa mbali zinayi umene a Tiyu ankayenda nawo m'ngolomo. Pokwera chitunda mmodzi amakhala kutsogolo atagwira chingwe cha ng'ombe, wina kumbuyo atanyamula mwala. Ng'ombe zikaima, wakumbuyo amaika mwala kuseri kwa tayala nthawi yomweyo. Akachedwa, ngolo imabwerera m'mbuyo n'kuzikoka ng'ombe zomwe.

Ng'ombe za a Tiyu sizinkamva Chichewa. Anaziphunzitsa m'Chipwitikizi. Kuti ziyende unkati "anda". Kuti ziime, "para". Mawuwo ndinawagwira tsiku loyamba lomwelo, koma ng'ombe sizinandigwire ine. A Tiyu akati "para", zinkaima mwendo uli m'malere. Ine ndikati "para", zinkayendabe pang'ono, ngati zikuganizira kaye.

"Ukunena ngati ukupempha mchere kwa apongozi," ankatero. "Iwe Layisoni, mawu azichokera m'mimba."

Ankanditchula choncho nthawi zonse: iwe Layisoni. Pokalipa, poseka, pondigawira chinangwa. Anali munthu wosalankhula zambiri, ngati ine ndemwe. Tinkatha kupita kumtsinje n'kubwerako osanena kanthu kupatula za ng'ombe. Tinkamvana.

Chinthu chimodzi chokha sindinkachimvetsa. Tsiku lina tili m'mbali mwa msewu wa tara wopita ku Muloza, kunabwera lole yobiriwira ya asilikali. Inali kutali ndithu. A Tiyu anatsika pangolo, nandiponyera chingwe.

"Ndikataye madzi," anatero, nalowa m'chimanga.

Lole itadutsa anatuluka. Zinachitikanso tsiku lina, n'kuchitikanso. Anyamata a kabaza pa Milonde ankazidziwa, ankawaseka. "A Tiyu, chikhodzodzo chanucho chimadziwa yunifolomu!" Iwo ankaseka nawo. Inenso ndinkaseka. Malole amenewo ankadutsa mwa apo ndi apo, ndiye sizinkasokoneza ntchito.

Kenako kunabwera namondwe uja. Sindinena zambiri, a kuno akudziwa. Matope ndi miyala zinatsika kuphiri, milatho inapita, nyumba zinagwa. Boma linatumiza asilikali ndi ufa, matenti ndi zitsulo zokonzera milatho. Malole obiriwira anayamba kudutsa tsiku lililonse, m'misewu yathu ya fumbi yomweyi. Nthawi yomweyonso mchenga unkafunika paliponse, aliyense akumanganso.

A Tiyu anaonda. Ankayenda khutu lili tcheru. Injini ikangomveka kutali, ankaleka kutafuna. Ndinawauza kuti azitsala kunyumba, ndizipita ndekha kapena ndi alamu anga.

"Ndiye ng'ombe zanga uzikazipempha kuti ziime?" anatero. Anakwera pangolo.

Pamene tinkatenga mchenga panali pa mlatho wokokoloka. Anthu anali atasema njira yongoyembekezera, yotsetsereka kulowa mumtsinje n'kukatulukira kutsidya. Inali yopapatiza, ya dothi lofiira. Ukamakwera kuchokera kumtsinje, kumanzere kwako kunali chiphompho choongoka ngati khoma, kumanja ngalande. Madzi pakati pa mtsinje ankafika m'chifuwa. A kabaza ankaoloka njinga zili pamutu. Galimoto yokhayo imene inkatha kuoloka inali ya asilikali.

Tsikulo kunacha ndi chiperoni. Njira yonse ili tererere. Tinapakira mchenga wonyowa, wocheperapo kuposa masiku onse, tinayamba kukwera. Ine kutsogolo ndi chingwe cha Bonito, a Tiyu kumbuyo ndi mwala. Tili pakati pa chitunda, lole inatulukira pamwamba. Sinkathamanga. Inaliza hutala kamodzi.

Ndinakuwa, "Para!" Ng'ombe zinapondanso kutsogolo, kenako zinaima. Ndinadikira kumva mwala ukugunda tayala. Sunamveke.

"Mwala, a Tiyu! Mwala!"

Ndinacheuka. Mwala unali pansi, pakati pa msewu. A Tiyu anali atalowa pakati pa ngolo ndi chiphompho chija, akukwera ndi manja ndi mawondo, akuterereka, akukweranso. Pamwamba pake panali munda wa chinangwa. Ankafuna kumeneko.

Ngolo inayamba kubwerera. Inakoka ng'ombe, n'kupingasa msewu. Dalaivala anaponda mabuleki, matayala anagwira, koma lole inangotsetsereka m'matopemo ngati bwato. Ndinamuona akupotoza chiwongolero kuti aiponye m'ngalande. Anatsala pang'ono kutiphonya. Chitsulo cha kutsogolo chinamenya Pereto ndi ngodya ya ngolo. Ngolo inadzuka n'kugwera kumanzere, kuchiphompho kumene kunali a Tiyu.

Ndi pamene ndayambira paja.

Asilikali anabwera akuthamanga. Mkulu wawo, amene anzake ankamutchula kuti sajeni, anali bambo wamfupi wa imvi m'mbali mwa mutu. Sanakalipe. Anaika anyamata ake m'mbali mwa ngolo, anainyamula, ine ndinawakoka a Tiyu m'khwapa. Mwendo unatuluka utapindika pamene sipapindika. Fupa linali panja. Magazi ankatumpha.

Msilikali wina anabwera ndi chikwama cha mankhwala, namanga lamba pamwamba pa bondo, nakoka mwamphamvu. Ine ndinathamanga kukamasula Bonito, chifukwa ankatsamwa. Ndinadula chingwe, ndinasolola zikeyi, ndinamasulanso khosi la Pereto. Goli linagwera m'matope, likadali pa tcheni yake.

Nditatembenuka ndinaona a Tiyu akukwawa. Ndi zigongono, mwendo ukukokeka m'mbuyo. Wa mankhwala uja ankawagwira, iwo ankamutaya. Anafika pa goli, nalikumbatira ndi manja awiri, zala zitalowa m'mabowo a zikeyi.

A sajeni anandiitana. Tinaima pamenepo, pamutu pawo penipeni.

"Achimwene, madalawa mukuwadziwa?"

"Ndikuwadziwa. Ndi abwana anga."

"Dzina lawo ndani?"

Ndinatchula dzina lawo lenileni, lonse.

"Amakhala kuti?"

Ndinatambasula dzanja, ndinaloza. "Kuseri kwa mibawa iyo. Nyumba ya malata, pali khola."

"Ali ndi abale kumeneko?"

"Akazi awo, mayi Rozina, ndi zidzukulu."

Mafunso wamba. Aliyense akanafunsa, aliyense akanayankha. Nditayang'ana pansi ndinapeza a Tiyu akundiyang'ana ine. Sindinawaonepo akuyang'ana munthu choncho.

Lole anaitulutsa m'ngalande chobwerera. Anatsitsa matumba ena a ufa kuti papezeke pogoneka munthu, anayala tenti. Chipatala chinali kutsidya kwa mtsinje, kumene loleyo inkapita kale. A sajeni anati, "Anyamuleni." Anyamata anawerama.

A Tiyu anakuwa. Osati kukuwa kwa ululu. Anayamba kulankhula Chilomwe, mofulumira, mawu ngati a mwana. Chilomwe ndimachimva, amayi anga ankalankhula. Ankati, "Ndine wolima. Ndilibe kanthu. Sindinaone munthu. Tengani mbuzi, ndisiyeni." Ankabwereza zomwezo.

Asilikali anayang'anana. Ambiri anali ana, obadwa nkhondo ija itatha kalekale. Dalaivala anali atakhala pa chitsa, manja kumutu, akungoti, "Ndinaponda, bwana, ndinaponda."

Anthu anali atadzaza. Mayi wina wachikulire amene ankachapa kumtsinje anagwada nawalankhula m'Chilomwe. Anawauza kuti kuno ndi ku Malawi, nkhondo inatha, awa abwera ndi ufa. Sanamve. Wa kabaza wina anati tipange machira tiwanyamule pamapewa, tioloke nawo.

"Safika," anatero wa mankhwala. "Lambayu sangakhale nthawi yaitali. Magazi ataya kale ambiri."

Wina anati aitanidwe akazi awo. Mnyamata anathamanga, koma kumudzi kunali kotalikira, ndipo mayi Rozina sathamanga. Wina anati anyamulidwe ndi goli lomwelo. Tinayesa. Tcheni inali itapotana n'kudyana ndi mtengo wokokera pamene ngolo inkagubuduka. Inkafunika sowo ya zitsulo. Panalibe.

Kumbali uku amuna ena anali atazungulira Pereto. Ndinamva wina akuti, "Aitanidwe a Shehe adzaizinge isanafe yokha, nyama ingaonongeke." Sindikuwada. Inali nthawi ya njala.

A sajeni anachita chinthu chimene sindidzaiwala. Anavula chipewa. Anavula jekete ya mawangamawanga ija, natsala ndi vesiti. Anauza anyamata ake kuti abwerere m'mbuyo. Anagwada m'matope.

"Bambo anga," anatero, "ine kwathu ndi ku Phalombe konkuno. Ndine mwana wanu. Tikukupititsani kuchipatala basi. Mukachira mubwerera kwanu."

A Tiyu sanayang'ane nkhope. Anayang'ana nsapato. Zala zinalowereratu m'mabowo.

A sajeni anadzuka, nandikokera pambali.

"Achimwene, tikawagwira ife atifera m'manja ndi mantha. Tikawasiya afera pomwepa. Inu amakudziwani. Achotseni manjawo."

"Sakufuna."

"Ndaona kuti sakufuna. Nanga inu mukufuna chiyani?"

Ndinayang'ana msewu wa kumudzi, kunalibe munthu. Ndinayang'ana matope pansi pa mwendo, anali atada. Milomo ya a Tiyu inali itayera ngati phulusa.

Ndinagwada. "A Tiyu, ndi ine. Layisoni."

Anandizindikira. Anatsitsa mawu, nalankhula Chichewa.

"Iwe Layisoni. Uwauze kuti walakwitsa. Uwauze kuti si ineyo."

"Mwendo wathyoka, a Tiyu. Tiyeni kuchipatala."

"Uwauze kuti sukundidziwa."

Ndinagwira dzanja lawo lamanja. Manja a munthu wa ngolo ndi olimba ngati mizu. Ndinayamba ndi chala chaching'ono. Ndikachotsa ichi, icho chabwerera. Ndinapanikiza mkono wawo ndi bondo langa. Ndinachotsa chimodzichimodzi. Chala china chinalira, mwina chinaguluka, sindikudziwa. Dzanja lamanzere linali losavuta, mphamvu zinali zitatha.

Litachoka dzanja lomaliza anasiya kulimbana. Anandiyang'ana nanena liwu limodzi.

"Mujiba."

Sindinkalidziwa. Si Chichewa, ndipo m'Chilomwe cha amayi anga sindinalimvepo. Ndinaganiza kuti akubwebweta.

Tinawakweza. Ndinakhala pansi m'lolemo, mutu wawo uli pamiyendo panga, wa mankhwala atagwira mwendo. Polowa mumtsinje madzi anamenya m'mbali, lole inagwedezeka, iwo osatulutsa mawu. Njira yonse maso ali pa denga la tenti. Kamodzi kokha anafunsa, osati kwa ine, "Akatitsitsa kuti?" Ndinati kuchipatala. Anatseka maso.

Mwendo anaudula pansi pa bondo. Adokotala anati tikanachedwa pang'ono tikanabwera ndi maliro. Anandigwira paphewa, nati ndachita bwino. A sajeni nawonso anatero asanapite. Mayi Rozina atafika mawa lake, ataoloka mtsinje atawagwira anthu m'manja, anateronso.

Ndinalowa nawo m'wodi. A Tiyu anali maso. Atandiona anatembenukira kukhoma. Ndinawapatsa moni, sanayankhe. Ndinati mwina ndi mankhwala. Ndinabweranso tsiku lina, chimodzimodzi.

Ndinawafunsa mayi Rozina panja, pamene odikirira odwala amaphikira.

"Amayi, mujiba n'chiyani?"

Anasiya kukoleza moto. "Walimva kuti?"

"Ananditchula ine."

Anaika nkhuni pansi. Kenako anandiuza. Nthawi ya nkhondo, anatero, amfuti akafika m'mudzi sankadziwa munthu. Ankayenda ndi wa m'mudzi momwemo, wodziwa mayina ndi makomo. Iyeyo ndiye ankati uyu ndi uje, nyumba yake ndi iyo, abale ake ndi awa. Ameneyo ndiye mujiba. A Tiyu anali ndi mkulu wawo. Amene analoza mkuluyo anali munthu wodya naye mbale imodzi. Atakakamira mtengo wa pakhonde, amene anamuchotsa zala pamtengopo anali yemweyo. Anamukweza m'lole. A Tiyu ankaona zonse atagona m'munda wa chinangwa. Mkulu wawoyo sanaonekenso, ngakhale manda ake.

"Sanakuuzepo?"

"Ayi."

"Inenso anandiuza kamodzi kokha. Usadandaule, mwanangu. Mutu ukakhazikika adzadziwa kuti unawapulumutsa."

Ndinadikira kuti mutu ukhazikike.

A sajeni anabweranso kuchipatala atavala zovala wamba, atanyamula shuga ndi sopo. Mayi Rozina anazilandirira panja, nawapempha kuti asalowe. Anamvetsa. Za ng'ombe ndi ngolo anakambirana akuluakulu, ine sindinalipo. Pereto anadyedwa tsiku lomwelo. Bonito ndinamusamala ine mpaka anamutenga mwana wa a Tiyu wa ku Chinakanaka. Ngolo inakhala m'mbali mwa msewu mpaka anthu anaizula matabwa. Goli ndinakalidula pa tcheni ndi sowo yobwereka, ndinalisunga kwathu.

Ndaganizapo kambiri. Ndikanati ndisayankhe mafunso aja, akanayankha wina, anthu onse pamenepo ankawadziwa. Ndikanati ndisawachotse manja, akanafa ndikuona. Dalaivala anachita zimene akanatha. Ng'ombe zinaima. Ndafufuza pamene ndikanachita mwina, sindipapeza. Chimene chimandisowetsa tulo n'chimenecho, kuti palibe woti ndimuloze chala, ngakhale ine ndemwe.

Pano ndikuyendetsa ngolo ya munthu wina. Ng'ombe zake zimamva Chichewa. Zimene ndinatengapo ndi zochepa. Ndikamva injini yolemera sindiyamba chitunda, ndimadikira pansi mpaka idutse. Mwala sindipatsa munthu amene sindikudziwa chimene amaopa. Ndimafunsa tisananyamuke, ngakhale aziseka. Ndipo munthu wamkulu akamalowa m'chimanga nthawi iliyonse yadutsa galimoto inayake, sindisekanso.

A Tiyu anatuluka m'chipatala nandolo atayamba maluwa. Ndinasiya papite masabata. Mkazi wanga anali atachira, mwana wamwamuna. Tinagwirizana kuti timutche dzina la a Tiyu, lenileni lija. Ndinati ndikawauze ndekha, ndikawabwezerenso goli lawo. Ndinalipala bwino, ndinasema zikeyi zatsopano, ndinalipaka mafuta.

Ndinawapeza pakhonde, pampando wa ndalema, ndodo zili pambali. Buluku analipinda n'kulimanga ndi chingwe pansi pa bondo. Ananenepako. Ankaseka ndi mdzukulu wawo, akumusendera nzimbe. Mayi Rozina atandiona anaomba m'manja.

"Bambo, taonani wabwera ndani! Layisoni wanu uja!"

Ndinati odi. Ndinatsitsa goli paphewa, ndinagwada pamasitepe. A Tiyu anasiya kusenda. Anakoka mwana uja, namuika kumbuyo kwa mpando. Maso awo anali abwinobwino, a munthu wodziwa pamene ali ndi tsiku limene lili. Anayang'ana goli, anayang'ana ine. Analankhula mwaulemu, ngati kwa mlendo.

"Takulandirani, bambo. Lero mwabwera kudzatenga ndani?"

Mayi Rozina anati, "Aa, inu!" nagwira pakamwa.

Za mwana zinali pamilomo. Ndinadzuka. Goli ndinaliyedzamiritsa kukhoma, zikeyi ndinaziika pambali pake. Ndinadutsa pakhola lopanda ng'ombe, ndinatulukira kumibawa. Mayi Rozina anandiitana kawiri. Sindinacheuke.